Momwe mungatetezere dzina la kampani yanu ya inshuwalansi kuno ku Joni

Makampani a inshuwalansi ya maliro, aja otumiza mitembo kumudzi, ali ndi maina ofanana ngati mapasa: uyu "Life", uyo "Cover", winayo "Sure". Munthu amalipira kwina mwezi ndi mwezi, tsiku la zovuta n'kukagogoda kwina. Milandu ya maina imayambira pamenepo.

Pomwe ambiri amapunthwa ndi apa: kulembetsa kampani ku CIPC, bungwe la boma lolembetsa makampani, sikukupangani mwini dzina. Kaundula wa makampani ndi wina, wa trademark (dzina kapena chizindikiro cha malonda chotetezedwa ndi lamulo) ndi winanso, ngakhale onse ali m'manja mwa CIPC yomweyo. Setifiketi ya kampani mutha kuipachika pakhoma, koma mwini trademark akakulemberani kalata kudzera mwa loya wake, chikwangwani, matisheti ndi timapepala tonse totsatsira malonda zithera kudzala. Choncho musanasindikize kanthu, fufuzani m'kaundula wa trademark, gulu 36, lomwe ndi la inshuwalansi ndi za ndalama. Osangoyang'ana kalembedwe kokha. Litchuleni dzinalo mokweza ngati mukuyankha foni. Khoti limafunsa ngati munthu wamba angasokonezeke polimva kapena poliona, ndiye kusintha chilembo chimodzi sikupulumutsa. Mawu ongofotokoza ntchito, monga "funeral", ndi a aliyense, simungawatsekere ena. Dzina lopeka nokha, ngakhale la Chichewa, ndi lomwe limalimba.

Kenako dzazani fomu ya TM1, yopemphera trademark ku CIPC, pa intaneti, mulipire R590 pa gulu lililonse, ndipo adiresi ikhale ya muno mu South Africa. Chenjerani ndi madobadoba a pa WhatsApp olonjeza trademark m'sabata imodzi. Amangokusungitsirani dzina la kampani ku CIPC, zomwe ndi R50 basi, n'kukutchajani masauzande.

Trademark ikavomerezedwa imalengezedwa mu Patent Journal, nyuzi ya CIPC, ndipo wotsutsa ali ndi miyezi 3. Zonse zimatenga zaka, osati masabata. Podikira, lembani ™ pambali pa dzina lanu. Chizindikiro cha ® musanalembetsedwe ndi mlandu.

Wina akatengera dzina lanu, yambani ndi kalata ya loya. Ngati vuto ndi dzina la kampani yake, kadandauleni ku Companies Tribunal, bwalo loona nkhani za makampani, potsatira gawo 160 la Companies Act ya 2008, kumeneko salipiritsa. Za kuphwanya trademark zimapita ku High Court, pansi pa Trade Marks Act ya 1993, ndipo uko konzani thumba.

Trademark muziilembetsanso zaka 10 zilizonse. Laisensi ya FSCA, bungwe loyang'anira makampani a za ndalama, ndi nkhani ina, trademark siilowa m'malo mwake.