Momwe mungayambitsire gulu lolimbikitsana la aphunzitsi a Pilates a m'mayiko osiyanasiyana

Mphunzitsi wa Pilates, masewera olimbitsa ndi kuwongola thupi, amatha tsiku lonse akuyang'ana misana, mapewa ndi mawondo a anthu ena, koma woyang'ana kaphunzitsidwe kake palibe. Kusungulumwa kumeneku ndi komwe kunandichititsa kuyambitsa gulu la pa WhatsApp la aphunzitsi anzanga a m'mayiko osiyanasiyana. Likuyenda bwino mpaka pano, ngakhale nthawi ina linatsala pang'ono kutha chifukwa cha kanema mmodzi.

Yambani ndi anthu ochepa. Asanu ndi mmodzi kapena asanu ndi atatu akwana. Ine ndinaitana amene ndinaphunzira nawo, iwonso anaitana anzawo. Aliyense anene komwe anaphunzira komanso kuti maphunzirowo anatenga nthawi yaitali bwanji. Funso limeneli musalilumphe. Mu 2000 khoti la ku New York linagamula kuti dzina loti Pilates si la kampani iliyonse, ndipo chigamulocho chinamasula aphunzitsi ambiri, koma akathyali nawonso analowera pomwepo. Pa intaneti pali ogulitsa satifiketi ya maphunziro a masiku awiri okha, pamtengo wokopa kwambiri. Amene anagwa m'manja mwa anthu otere musamukane. Mulandireni, bola nonse mudziwe kuti akufunika kumugwira dzanja.

Kenako gwirizanani za nthawi yokumana pa Zoom kamodzi pamwezi, ndipo muzilemba nthawiyo mu UTC, nthawi imodzi yomwe mayiko onse amawerengerapo nthawi zawo, kuti wina asadzuke pakati pa usiku pachabe. Musathamangire kulipira. Zoom yaulere imadula pakatha mphindi 40, ndipo ife taona kuti mphindi zimenezo zimatiletsa kuzungulira nkhani.

Tsopano gawo lomwe linandiwotcha. Musalole kuti anthu ayambe kutumizirana makanema musanagwirizane za kadzudzulidwe. Ine ndinaona ngati aphunzitsi, poti ndi anthu akuluakulu, adzidziwira okha. Mnzathu wina anatumiza kanema wa wophunzira wake akuchita Hundred, amodzi mwa masewera a Pilates ochitira pa mati. Mayiyo anali chagada, mawondo opinda, mutu uli pansi pa mati, manja akupopa, akukoka mpweya kasanu ndi kutulutsa kasanu monga mwa nthawi zonse. Pasanathe ola, mphunzitsi wina wotsata njira yakale analemba kuti, "Izi si Pilates. Mutu uzidzuka, miyendo iziwongoka." Gulu linangoti zii. Inenso ndinakhala chete, ndikuti zitha zokha, ndipo apo ndi pomwe ndinalakwitsa kwambiri. Panadutsa masabata awiri popanda wolemba kanthu, kenako mwini kanemayo anatuluka m'gulumo.

Nditawaimbira mmodzimmodzi ndinamva zomwe sindinkadziwa. Wophunzira uja anali ndi vuto la khosi, ndiye kumusiya mutu pansi kunali kumusamala. Wodzudzula uja naye analibe mtima woipa. Kwawo kunena mosabisa ndi ulemu, umasonyeza kuti mnzakoyo ukumutenga ngati katswiri. Kwawo kwa winayo kudzudzulidwa pagulu ndi chitonzo chachikulu. Onse awiri ankalemba Chingerezi, chomwe si chilankhulo chawo, choncho mawu ofewetsa nkhani omwe akanawapeza mosavuta m'chilankhulo chawo sanawapeze.

Tinakhazikitsa malamulo, ndipo mutha kuwatenga momwe alili. Wotumiza kanema azinena kuti wophunzirayo ndi wotani, ali ndi vuto lanji, ndipo iyeyo akufuna thandizo pa chiyani. Woyankha aziyamba ndi chinthu chenicheni chomwe waona kuti chayenda bwino, monga momwe nthiti zikutsikira potulutsa mpweya. Kungoti "zabwino" sitikuwerengera. Akatero azifunsa funso, monga "Munasankhiranji kupinda mawondo?", ndipo maganizo ake abwere pambuyo pa yankho. Ngati waona choopsa, monga wophunzira woyembekezera akuchita zomwe sayenera, alembe mosabisa koma kumbali, kwa mwini kanemayo.

Chomwe chinabweza mtima wa wodzudzula uja ndi mbiri ya ntchito yathuyi. Joseph Pilates, yemwe anayambitsa masewerawa, anabadwira ku Germany mu 1883, anasungidwa pa chilumba cha Isle of Man nthawi ya nkhondo yoyamba yapadziko lonse, kenako iye ndi mkazi wake Clara anatsegula situdiyo pa Eighth Avenue ku New York. Iye ankaitcha njira yake Contrology, ndipo buku lake la mu 1945 lili ndi masewera 34 a pa mati. Atamwalira mu 1967, ophunzira ake sanaphunzitse mofanana. Romana Kryzanowska anasunga ndondomeko yakale, Eve Gentry anapita ku Santa Fe n'kumagwiritsa ntchito timayendedwe tofewa pothandiza anthu opweteka m'thupi, Kathy Grant ndi Ron Fletcher anawonjeza zawo. Onsewa anadutsa m'manja mwa munthu mmodzi. Titakambirana zimenezi, wodzudzula uja anapepesa yekha, ndipo mnzathu uja anabwerera.

Zotsalazi n'zosavuta. Pokambirana za Reformer, makina ochitirapo Pilates okhala ndi masipuling'i, musamatchule masipuling'i ndi mtundu wake wokha, chifukwa lofiira la kampani ina silikoka mofanana ndi lofiira la kampani ina. Nenani kuti ndi lolimba, lapakati kapena lofewa. Masipuling'i otchipa osadziwika opanga musagule n'komwe. Amafooka msanga, ndipo likaduka munthu ali pa makinawo mudzalipira zambiri kuposa zomwe munapulumutsa.

Pamsonkhano uliwonse mmodzi aziphunzitsa kwa mphindi 15 m'chilankhulo chake, ena akutsatira. Mudzadabwa kuti mukumva poti mupume ndi poti mukoke mimba ngakhale mawuwo simukuwadziwa, ndipo mutengapo mafanizo atsopano. Muzisinthana utsogoleri kuti gulu lisakhale la munthu mmodzi. Amene wakhala chete kwa mwezi muimbireni, kawirikawiri amakhala kuti ophunzira amuchepera ndipo akuchita manyazi kunena. Loweruka loyamba la mwezi wa May ndi Pilates Day, tsiku lokondwerera Pilates. Ife tsiku limenelo aliyense amaphunzitsa kalasi yaulere komwe ali, ndipo madzulo timatumizirana zithunzi.