Nyali ya batire ikayaka mukuyendetsa, musathamangire kugula batire

Kanyali kofiira kooneka ngati batire kakayaka pa dashibodi injini ikulira, ambiri amangoti batire yatha. Nthawi zambiri sizikhala choncho. Kanyaliko kakukuuzani kuti batire yasiya kulandira moto kuchokera ku alitaneta, chipangizo chimene chimatchaja batire injini ikamalira, ndipo galimoto ikungodya moto wotsala. Mukagula batire yatsopano osapeza chavuta, nayonso iphwa.

Muli pamsewu, zimitsani wailesi, AC ndi chilichonse chosafunika, kenako yang'anani muvi wa kutentha kwa injini. Pa galimoto zambiri lamba wozunguza alitaneta ndi yemweyo amazunguza pampu ya madzi. Muviwo ukayamba kukwera, imani pomwepo, chifukwa mwina lamba waduka ndipo kupitiriza n'kuwotcha injini.

Mukaima pabwino, zimitsani injini, mutsegule boneti. Lamba alipo? Ngati wang'aluka, wanyowa ndi oilo kapena walefuka, vuto lingakhale lomwelo. Nthawi ya dzinja, mukadutsa pa chithaphwi, lamba amaterera, nyali n'kuphethira pang'ono kenako n'kuzima yokha. Gwedezaninso mitu ya batire. Ikakhala yosamanga kapena yadzala ndi ufa woyera kapena wobiriwira, masulani waya wa minus poyamba, mutsuke ndi madzi osakaniza ndi soda, muumitse, ndipo pomanga mutsirize ndi wa minus yemweyo.

Tsopano tengani multimeter, kachipangizo koyezera moto kamene amagulitsa m'mashopu a zamagetsi. Ikani pa DC 20V, waya wofiira pa plus, wakuda pa minus. Injini itazima kwa ola limodzi kapena kuposerapo, batire yodzadza imawerenga pafupifupi 12.6V. Pa 12.2V ndiye kuti ili ndi theka la moto, ndipo pansi pa 12.0V yaphwa kwambiri.

Lizani injini muyezenso. Alitaneta yabwino imapereka pakati pa 13.5V ndi 14.7V. Yatsani nyali zakutsogolo ndi fani, mupondeko mafuta pang'ono. Manambala akakhala pamwamba pa 13V, ikutchaja. Akamatsikira ku 12V n'kumapitirira kutsika, sikutchaja. Apa pali msampha umodzi: galimoto zina zatsopano zochokera ku Japan zimachepetsa dala kutchaja batire ikadzadza, pofuna kupulumutsa mafuta, choncho musaweruze musanayatse nyali zakutsogolo. Ndipo ngati muli ndi Toyota Aqua kapena Prius, musavutike kufunafuna alitaneta, mulibemo. Batire yaing'ono imatchajidwa kuchokera ku batire yaikulu ya hybrid, ndipo imeneyo ndi ntchito ya makaniko wodziwa galimoto zotere.

Manambala akapitirira 15V, regulator, kachipangizo koletsa alitaneta kupereka moto wopyola muyezo, yawonongeka. Batire imatentha, imatha madzi, imanunkha ngati mazira owola, ndipo mababu amapsa pafupipafupi. Musayendenso ulendo wautali zili choncho.

Ngati sikutchaja, musanagule alitaneta ina onani fyuzi yaikulu yolembedwa ALT, pulagi ya kumbuyo kwa alitaneta, ndi waya wa earth wolumikiza injini ku bodi. Zikakhala bwino zonsezi, kawirikawiri amakhala maburashi a mkati mwa alitaneta amene atha, ndipo makaniko wa zamagetsi amasintha okhawo pa mtengo wochepa kuposa alitaneta yonse.

Chimodzi chokha ndikupemphani musalole. Pali chizolowezi chochotsa waya wa batire injini ikulira, ati kuona ngati izima. Pa galimoto zakale zopanda kompyuta anthu ankapulumuka nazo, koma pa Sienta, Vitz kapena Passo moto umalumpha mwadzidzidzi n'kuwotcha kompyuta ya injini kapena ma diode a alitaneta. Makaniko akagwira sipanala kuti atero, muuzeni mwaulemu kuti, "Bambo, tiyeni tiyeze ndi mita."