Kamawu koti whiff kakupulumutsani kufotokoza zambiri

Amene mukulemba mayeso a Chingelezi kapena mumagwira ntchito ndi azungu, gwirani kamawu aka, whiff, potchula mumangoti wif. Ndi kafungo kongodutsa pamphuno n'kuzimiririka, kabwino kapena koipa, ndiye mukamva kagasi pang'ono kukhitchini ingonenani I caught a whiff of gas, akumvani pompo kuti kafungo n'kochepa koma kalipo, osachita kuzungulira. Munyuzi mukaona a whiff of scandal si za mphuno ayi, akunena kuti anthu ayamba kukayikira zachinyengo koma umboni sunatuluke. Ku Britain kokha samalani, mukati chipinda cha munthu ndi whiffy mwati chikununkha, akhumudwa ndithu. Ku America pa baseball, masewera omenya mpira ndi ndodo, whiff ndi kuphonya mpira pomenya.