Fungo la petulo m'vaneti yakale musalizolowere

Chiyambireni kugulitsa zokolola chaka chino ndakwera mavaneti ambiri a alimi m'misewu ya Chadiza, Vubwi ndi Lundazi, ndipo pali chinthu chimodzi chimene chikundidetsa nkhawa kwambiri. M'mavaneti akale oyendera petulo, monga Hilux ya injini ya 4Y ndi Nissan 1400, amene akututa matumba kupita ku madepoti a FRA, bungwe la boma logula zokolola, kapena kwa ogula a mu Chipata, munthu ukangokhala pampando fungo la petulo limayamba kukutsamwitsa, ndipo pofika m'tauni mutu umakhala ukuwawa kale. Ndikafunsa eni ake, yankho limakhala limodzimodzi: "Alangizi, motoka yakale imanunkha tero."

Yankho limeneli ndi lolakwika. Kafungo pang'ono pamene mukuthira mafuta, kapena mutangozimitsa injini yotentha ya kabureta (chipangizo chosakaniza petulo ndi mpweya), si kachilendo. Koma fungo limene limakhalapo m'mawa galimoto itagona usiku wonse, limene limakutsatani ulendo wonse mpaka kulowerera m'malaya, limatanthauza kuti petulo akutuluka penapake pakati pa thanki ndi injini. Zaka za galimoto zimaumitsa mapaipi a labala ndi kudyetsa thanki dzimbiri, ndipo zimenezo ndi zinthu zimene munthu angathe kuzipeza ndi kuzisintha.

Chimene chimandipweteka mtima kwenikweni n'chakuti ambiri amadziwa bwino pamene pakudontha, koma amangopamanga ndi malegeni. Malegeni ndi abwino pomangira katundu panjinga. Labala ya chubu ikakhudzana ndi petulo imafufuma ndi kufewa ngati phala, choncho pakapita masiku ochepa imakhala ngati kansalu konyowa kamene kakusunga mafuta pafupi ndi injini yotentha. Ena akaona kuti paipi yang'ambika amadula kapaipi ka madzi koonekera mkati n'kulowetsa pamenepo, osadziwa kuti petulo amakaumitsa mpaka kuthetheka polumikizira. Ena amamata sopo pathanki yobooka. Sopo angakufikitseni kunyumba tsiku limene mwala waboola thanki kutchire, zimenezo sindikutsutsa, koma ndaona sopo yemweyo akumatidwa mobwerezabwereza kuyambira nthawi yokolola mpaka mvula yoyamba. Chivindikiro cha thanki chikatayika, pamalo pake amaikapo pulasitiki ndi chiguduli. Ndipo choopsa kuposa zonse ndi chigubu cha malita asanu chimene chimaikidwa kumapazi a wokwera kutsogolo, paipi n'kudutsa pawindo kupita ku kabureta, chifukwa chakuti pampu ya mafuta inafa ndipo mwini wake akudikira ndalama za chimanga.

Tisaiwale kuti chimene chimayaka si madzi a petulo amene timawaona, koma nthunzi yake. Petulo amatulutsa nthunzi yoyaka ngakhale kutazizira kufika madigiri 40 pansi pa ziro, nanga kuli bwanji kutentha kwathu kwa mwezi wa Okutobala? Nthunzi imeneyi ndi yolemera kuposa mpweya, motero siuluka msanga koma imatsikira pansi, n'kukhazikika kumapazi m'kabini ndi kunsi kwa galimoto. Magawo awiri okha a nthunziyo pa magawo 100 a mpweya ndi okwanira kuti moto ubuke. Tsono ganizirani zimene timachita tsiku ndi tsiku: chingwe cha batire chikakhwepa timachigogoda ndi mwala mpaka chithethetse moto, wothandiza kukweza matumba amasuta fodya atatsamira pathanki, ndipo m'chilimwe timadutsa m'misewu imene tchire likuyaka mbali zonse ziwiri. Moto wa petulo suzimitsidwa ndi madzi, chifukwa petulo amayandama pamwamba pa madzi n'kufalikira nawo, ndipo vaneti yodzaza matumba ouma siichedwa kupsa.

Ngakhale moto usabuke, ndalama zikutayika. Thanki imene ikudontha dontho limodzi pa sekondi imataya mafuta opitirira lita imodzi patsiku, ndipo imadontha usana ndi usiku, galimoto ikuyenda kapena itaima. Mlimi yemweyo amene amakangana ndi wogula chifukwa cha theka la kilo pasikelo amalola malita kuthera m'fumbi mwezi wathunthu.

Mwezi watha bambo wina wa cha ku Chadiza anandipeza ali wokhumudwa kwambiri. Anali atatengera nshawa zosenda ku Chipata, ndipo wogula atatsegula matumba amene anali pansi, pafupi ndi pothirira mafuta, anatapa dzanja limodzi, kununkhiza, n'kuuza anyamata ake kuti awabwezere pagalimoto. Matumba anayi a makilo 50 anabwerera kumudzi. Mayi a kunyumba anayesa kuzianika padzuwa masiku angapo, kenako anakazinga zina kuti asinje chiponde, koma fungo silinachoke, ndipo ndinawauza kuti nshawa zoterozo asadyetse ana. Mbewu zamafuta monga nshawa, soya ndi mpendadzuwa zimakoka fungo la petulo msanga, ufanso chimodzimodzi. Bamboyo ankaumirira kuti wogulayo anangofuna kuwatsitsira mtengo. Ndinawapempha kuti tigwade tonse pambali pa vaneti yawo, ndipo tinaona paipi yaikulu yochokera pothirira mafuta kupita kuthanki itang'ambika ngati chikopa chouma, itakulungidwa malegeni akuda onyowa, fumbi lozungulira pamenepo litasanduka matope onona. Akadzaza thanki, mafuta ankakhavukira pamenepo pa bampu iliyonse n'kunyowetsa pansi pa bodi. Ndinawafunsa kuti, "Bambo, malegeni awa munamanga liti?" Anayankha kuti, "Chaka chatha, alangizi, nthawi ya thonje." Paipi yatsopano mtengo wake sunafike ngakhale pa thumba limodzi mwa anayi aja.

Pali kudontha kwina kumene sikuoneka pansi, ndipo kumeneku n'kumene kumapha injini. Pampu ya mafuta ya magalimoto ambiri a kabureta imakhala pambali pa injini, ndipo mkati mwake muli kachikopa ka labala kamene kamakoka ndi kukankha petulo. Kachikopako kakabooka, petulo amatha kutsikira m'oyilo. Mwini galimoto amadabwa kuti oyilo sakutsika, mwinanso akukwera, n'kumasangalala kuti injini yake siidya oyilo, pamene oyiloyo wasanduka wamadzimadzi ndipo mabeyaringi akudyeka. Sololani dipisitiki, kachitsulo koyezera oyilo, n'kuinunkhiza: ngati ikumveka petulo, galimotoyo isayende mpaka pampu ndi oyilo zitasinthidwa. Kabureta nayonso imasefukira ngati kasingano kotseka mafuta kagwidwa ndi zinyalala, makamaka kwa amene amagula petulo wa m'zigubu m'mbali mwa msewu. Zizindikiro zake ndi utsi wakuda, kuvuta kulira injini ikatentha, ndi kunyowa m'mbali mwa kabureta, ndipo pa injini zina kabureta imakhala pamwamba penipeni pa chitsulo cha ekizozi.

Pofufuza, imikani galimoto panja, pamalo ouma, kutali ndi mbaula, injini itazizira, ndipo muunikire ndi tochi, osati machesi. Yalani katoni pansi usiku kuti m'mawa muone pamene padonthera, ngakhale kuti petulo amauma msanga, choncho muyang'anenso malo amene fumbi lanyowa kapena pamene chitsulo chayera ngati chatsukidwa. Fungo likamakula thanki ikadzaza, yang'anani chivindikiro, paipi yothirira ndi pamwamba pa thanki pamene matope amakhala n'kuyambitsa dzimbiri. Likamabwera injini ikamalira, tsegulani boneti muone mapaipi, sefa ya mafuta, pampu ndi kabureta, manja ndi malaya zili kutali ndi fani. Pindani paipi iliyonse ya labala ndi zala; ikaonetsa ming'alu, gulani paipi yopangidwira petulo ndi makilipu omanga ndi sikuluu, osati waya. Galimoto ya injekishoni, imene ilibe kabureta, imakankha mafuta mwamphamvu kwambiri, choncho paipi ya kabureta siigwira pamenepo, ndipo ntchitoyo mupatse makanika. Thanki yobooka musapite nayo kwa wowotcherera ngati mmene ilili, pakuti thanki yopanda mafuta koma yodzaza nthunzi ndi imene imaphulika. Ikani chozimira moto cha ufa m'kabini, pamalo pofikika ndi dzanja, ndipo chigubu cha petulo chisayende pamodzi ndi zokolola.