Momwe mungasiyanitsire asidi wamphamvu ndi wofooka mu labotale

Ophunzira ambiri okonzekera mayeso a MSCE amasokoneza mphamvu ya asidi ndi kuchuluka kwake m'madzi. Asidi wamphamvu, monga hydrochloric acid (HCl), akalowa m'madzi amagawanika yense n'kutulutsa ma ion (tizigawo tokhala ndi mphamvu ya magetsi) a H+. Wofooka, monga ethanoic acid wa mu viniga, amagawanika pang'ono chabe: pa 0.1M (M ndi muyezo wa kuchuluka kwa mankhwala mu lita imodzi), mamolekyu ake osakwana 2 pa 100 alionse ndiwo amagawanika.

Choyamba, onetsetsani kuti zonse zomwe mukuyerekeza zili pa 0.1M. Apa ndi pomwe ambiri amaphonya. HCl wosungunulidwa kwambiri, wa 0.001M, amapereka pH 3 (pH ndi muyezo wa ma ion a H+: ikatsika ndiye kuti achuluka), mofanana ndi asidi wofooka wa 0.1M, ndiye mukhoza kumuweruza molakwika. Posungunula, thirani asidi m'madzi, osati madzi mu asidi, ndipo valani magalasi oteteza maso.

Njira yoyamba ndi ya universal indicator, mankhwala osintha mtundu malinga ndi pH: thirani 5 cm³ ya chilichonse chomwe mukuyesa mu test tube yakeyake, mudonthezemo madontho atatu a indicator. HCl afiira, pH 1. Ethanoic acid akhala wa olenji, pH pafupifupi 3. Njirayi imagwiranso kwa ma base, mankhwala otsutsana ndi asidi: sodium hydroxide, yemwe ndi wamphamvu, apereka pH 13 ndi mtundu wa pepo woderako, pomwe ammonia, yemwe ndi wofooka, afika pafupifupi 11. Litmus musaidalire pa ntchitoyi. Imangonena kuti uyu ndi asidi kapena base, basi.

Njira yachiwiri ndi yamagetsi. Lumikizani batire ya 6V, ammeter (chipangizo choyezera magetsi odutsa) ndi timitengo tiwiri ta kaboni (ta m'mabatire akale a tochi timagwira bwino mukatitsuka). Timitengoto timire mofanana, titalikiranenso mofanana mu bika iliyonse, apo ayi manambala akunamizani. HCl ndi sodium hydroxide zikankha singano ya ammeter patali chifukwa ma ion ndi ambiri. Ethanoic acid ndi ammonia zingoyisuntha pang'ono. Tsukani timitengoto ndi madzi a distilled musanasinthe bika, ndipo mu HCl musazengereze, chifukwa mumatuluka mpweya wa chlorine.

Pa ma asidi okha, dulani magnesium ribbon masentimita 2, muyikwechese ndi sandipepa kuti ichoke dzimbiri loyera lomwe limachedwetsa zinthu, muponye mu asidi aliyense nthawi imodzi. Mu HCl thovu lituluka mwaphuma; mu ethanoic acid lituluka mwapang'onopang'ono. Yang'anani liwiro la thovulo, osati kuchuluka kwa mpweya wonse, chifukwa mukadikira mpaka zonse zitatha, ma asidi awiriwa, ngati munawathira mofanana, atulutsa mpweya wa hydrogen wofanana.