Momwe mungakonzere konsati ya mavayolini panja kuno ku Harare

Anthu akhala akundifunsa kutchalitchi kuti konsati ija ya pansi pa mitengo tinaikonza bwanji, nde ndati ndingolemba kamodzi ndapuma. Nyimbo zake ndi zija amati chamber music, oyimba ochepa, opanda kondakitala, opanda masipika. Ife tinali ndi mavayolini awiri, viyola (vayolini yokulirapo pang'ono) ndi chelo (chivayolini chachikulu choimika pansi) basi.

Yambani ndi oyimba. Kafunseni ku Zimbabwe College of Music kapena aphunzitsi a nyimbo m'masukulu, amadziwana okhaokha anthu amenewa, mukapeza mmodzi atatu enawo abwera nawo yekha. Ya kombi muziwapatsiratu tsiku lililonse la pulakatisi, osati ndikupatsani kumapeto.

Nyimbo sankhani zonena za chilengedwe. Four Seasons yopekedwa ndi Vivaldi, yomwe inasindikizidwa mu 1725, aliyense amaidziwa ngakhale sadziwa dzina lake, muli mbalame, mabingu, mvula, ndipo ilipo yokonzedwera anthu anayi. Ina ndi ya Haydn ya mu 1790 imene amaitcha Lark chifukwa vayolini yoyamba imakwera m'mwamba ngati kambalame. Ya Schubert ya nsomba ija, Trout, iwalani, imafuna piyano, ndani anyamule piyano kupita nayo kutchire. Manotsi (mapepala owerenga poyimba) a nyimbo zakale ngati izi ndi aulele pa webusaiti ya IMSLP, mungolipira pulinti. Mkulu wina m'tauni ankafuna kundigulitsa mafotokope omwewo pa madola 20, osaoneka bwino ndi pang'ono pomwe.

Tsono malo, apa mumve bwino chifukwa ndi pamene ndinagwa nayo. Mukhoza kukapempha ku Mukuvisi Woodlands kapena ku National Botanic Garden, ife tinachitira pamunda wa achimwene ena kunja kwa tauni, pali mitengo ya msasa yambiri. Ndinasankha kumapeto kwa Ogasiti dala, nthawi imene masamba atsopano a msasa amatuluka ofiira. Vuto malowo ndinakawaona m'mawa, kuli zii, kamphepo kulibe, ine nkuti basi ndi pompano. Konsati inali 3 koloko masana. Mphepo ya Ogasiti mukuidziwa inu. Atangoyamba Vivaldi mapepala a wa viyola anauluka onse, limodzi linakakodwa pawaya, ana akuthamangitsa ena uku akuseka, mtsikana wa chelo naye kachitsulo kosongoka kapansi kaja kakungomira mumchenga, chelo nkumatsika pang'onopang'ono mpaka akuyimba chowerama. Dzuwa linali litatembenuka likuwomba pa mavayolini penipeni, nsambo kumangomasuka, akachuna pang'ono zasokonekeranso. Agogo ena pafupi nane anandikodola nkufunsa, "Mwanawe, kodi ayamba kapena akadali kuchuna?" Ndinasowa pobisa nkhope.

Nde chitani izi. Pitani pamalopo pa ola lomwelo la konsati, kawiri kapena katatu, muimirire pamene oyimba adzakhale, muone komwe mphepo ikuchokera ndi komwe mthunzi ukugwa. Kumbuyo kwawo kukhale khoma kapena mwala waukulu, umatchinga mphepo komanso umabweza mawu kwa anthu, poti pamtetete vayolini imamveka ngati udzudzu. Mthunzi usakhale wokambirana, matabwa a zida zimenezi amamatidwa ndi guluu amene amafewa ndi kutentha. Gulani mapegi oyanikira zovala, anayi opanira mapepala pa sitandi iliyonse, ndi otchipa ku Mbare. Wa chelo mumuikire thabwa loboola kabowo pakati. Ulendo wachiwiri tinachita zimenezi, tinayamba 4 koloko, njiwa zikulira m'mitengo mkati mwa Haydn, anthu anangoti duu.

Okutobala jakaranda amakongola inde koma kumatentha, ndipo kuyambira Novembala ndi mvula, musayerekeze.

Mipando mubwereke kutchalitchi. Wobwereketsa mipando wina amene tinamulipira dipoziti ife anabweretsa theka, ina yothyoka miyendo, foni nkuzimitsa. Anthu asapitirire 60, akumbuyo samva kanthu. Jenereta ayi, phokoso. Zoitanira anthu WhatsApp ikwana, apakhomo alandire madola kapena EcoCash, chenji mukhale nayo. Konsati isapose ola limodzi, dzuwa likapendeka kumazizira zala za oyimba zimauma. Matumba a zinyalala musaiwale, ine ndinatola ndekha mabotolo mpaka mdima.