Momwe ndimaonera ngati injini ya ndege ikadali ndi mphamvu

Okutobala akafika kuno ku Tete, kutentha kumapyola madigiri 40, ndipo pabwalo la ndege la Chingodzi phula limachita kununkha. Ndiye nthawi yomwe anyamata ongoyamba ntchito amandithamangira: "Bambo, injini ija yafooka!" Kawirikawiri injiniyo siyinalakwe. Mpweya wotentha ndi wopepuka, choncho imachita kudzikakamiza kuti itulutse mphamvu ya masiku onse.

Pa ntchito yanga yokonza ndege, ine ndinazolowera injini ya PT6A ya kampani ya Pratt & Whitney Canada, ija imakhala pa ndege ya Cessna Caravan. Yambani ndi kope. Pemphani woyendetsa kuti ndege ikakhazikika m'mwamba adikire pang'ono, kenako alembe torque (mphamvu yozungulitsira pulopela), ITT (kutentha kwa mpweya mkati mwa injini), Ng (liwiro lomwe kompuresa, gawo lopanikiza mpweya wolowa mu injini, ikuzungulira) ndi mafuta omwe ikumwa pa ola. Asaiwale kutalika komwe ali ndi kutentha kwa kunja, chifukwa popanda zimenezi manambala enawo alibe ntchito. Mukatero muwasinthire ku muyezo umodzi wofananizira, wa kutentha kwa madigiri 15 ndi kupanikiza kwa mpweya kwa 1013 hPa. Apo m'pamene ulendo wa mu Juni mungaufanizire ndi wa mu Okutobala.

Nambala ya tsiku limodzi musaikhulupirire, onani momwe ikusunthira pa milungu. Torque ikakhala yomweyo koma ITT, Ng ndi mafuta zonse zikukwera, ganizirani za kompuresa yakuda. Kuno fumbi silisowa, makamaka chilimwe. Itsukeni motsata buku lake, muyesenso, ndipo nthawi zambiri ITT imatsika. Koma ITT ndi mafuta zikamakwera Ng ikutsika, pamenepo mtima wanga umagunda, chifukwa vuto limakhala m'gawo lotentha la injini, momwe mafuta amayakira ndi momwe mpweya wamoto umadutsa. Lowetsani borescope, kachipangizo koonera mkati mwa injini, muone timapeni ta turbine, gudumu lozunguzidwa ndi mpweya wamoto, ngati tapsa kapena tadyeka kunsonga. Ndimasolola ndi chip detector, kamaginito kogwira tizitsulo ta mu oilo: kaubweya kosalala kachitsulo ndimakalemba n'kumakayang'anira, koma tizidutswa tonyezimira tikagwira pa maginito, ndege ija siyinyamuka ngakhale apaulendo akwiye.

Nanga nambala imodzi yokha ikalumpha zinzake zili chete? Kayikirani choyezera kaye. Tsiku lina ITT inasintha mwadzidzidzi, ine n'kuyamba kuwerengera masiku oti ndege ikhale pansi. Mnyamata wanga anati, "Bambo, mafuta ndi Ng sizinasunthe." Titatsegula tinapeza waya wa thermocouple, choyezera kutentha, utakhwefuka, tinaumanga, ndipo titailizanso injini ITT inabwerera pamalo pake.